Makhodi a matenda ndi chithandizo pa bilu ya wodwala wogonekedwa

Kuika makhodi a matenda ndi chithandizo ndi ntchito yowerenga zimene dokotala walemba mu fayilo ya wodwala n'kuzisandutsa zilembo ndi manambala a mumndandanda wovomerezeka. Mwachitsanzo, malungo a m'bongo amalembedwa B50.0, ndipo chibayo chimene sichinatchulidwe mtundu wake chimalembedwa J18.9. Kwa wodwala wogonekedwa, ntchitoyi imachitika akatuluka m'wodi. Makhodiwo amagwira ntchito ziwiri: kutsimikizira bilu imene chipatala chimatumiza kwa woyenera kulipira, ndi kuthandiza boma kuwerenga matenda amene akugoneka anthu m'zipatala.

Ku Malawi, kufunika kwa ntchitoyi kumaoneka bwino m'maboma a tiyi monga Thyolo. Kumeneko bilu ya wodwala mmodzi ikhoza kupita ku boma, ku esiteti imene amagwirako ntchito, ku bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, kapena kwa iye mwini. Chimene chimalamula kumene bilu ilowere ndi mmene matenda ake ndi chiyambi chake zalembedwera.

Mbiri

Kusanja matenda m'magulu kunayamba ndi kuwerenga imfa. Mu 1662, John Graunt anasanthula zikalata zolembamo anthu omwalira mumzinda wa London kuti aone chimene chinkapha anthu ambiri. M'zaka za m'ma 1800, William Farr wa ku England analimbikitsa kuti mayiko azigwiritsa ntchito mayina ofanana a matenda. Mu 1893, pa msonkhano umene unachitikira ku Chicago, bungwe la International Statistical Institute linavomereza mndandanda wa zoyambitsa imfa umene unakonzedwa motsogoleredwa ndi Jacques Bertillon wa ku France.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization, mwachidule WHO, linatenga udindo woyang'anira mndandandawu mu 1948. Kukonzanso kwachisanu ndi chimodzi kumene kunatuluka chaka chimenecho kunaphatikizamo matenda a anthu amoyo, osati zoyambitsa imfa zokha. Mndandandawu umatchedwa International Classification of Diseases, mwachidule ICD. Kukonzanso kwakhumi, ICD-10, kunavomerezedwa mu 1990 ndipo mayiko anayamba kukugwiritsa ntchito mu 1994. ICD-11 inavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, koma dziko lililonse limasamukirako pa nthawi yake.

ICD sinapangidwire malipiro. Inalowa mu nkhani za ndalama makamaka kuchokera mu 1983, pamene boma la United States linayamba kulipira zipatala molingana ndi gulu la matenda a wodwala.

Kapangidwe ka makhodi a matenda

Khodi ya ICD-10 imayamba ndi chilembo chimodzi, kenako manambala awiri. Makhodi ambiri amakhala ndi kadontho ndi nambala yachitatu yolongosola zambiri. B50 ndi malungo oyambitsidwa ndi kachilombo ka Plasmodium falciparum, kamene kamayambitsa malungo ambiri ku Malawi. B50.0 ndi malungo omwewo atafika ku bongo, B50.8 ndi malungo aakulu a mtundu wina, ndipo B50.9 ndi malungo a falciparum opanda kulongosola kwina. Ngati dokotala wangolemba kuti malungo popanda umboni wa kuyeza magazi, khodi yake ndi B54.

Mndandanda wonse uli ndi mitu 22. Ina mwa mitu imene imagwira ntchito kwambiri m'mawodi a ku Malawi ndi iyi:

A00 mpaka B99: matenda opatsirana, monga kolera, chifuwa chachikulu, malungo ndi matenda obwera ndi HIV.
I00 mpaka I99: matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi. I10 ndi kuthamanga kwa magazi.
J00 mpaka J99: matenda a m'njira yopumira.
O00 mpaka O99: mimba, kubereka ndi masiku otsatira kubereka.
R00 mpaka R99: zizindikiro chabe, pamene matenda enieni sanapezeke. R50.9 ndi kutentha thupi.
S00 mpaka T98: kuvulala ndi poizoni.
V01 mpaka Y98: chimene chinachititsa kuvulala, monga ngozi ya pamsewu, makina kapena nyama.
Z00 mpaka Z99: zifukwa zina zofikira kuchipatala. Z37.0 imasonyeza kuti pabadwa mwana mmodzi wamoyo.

ICD-10 inasindikizidwa m'mabuku atatu. Loyamba ndi mndandanda wa makhodi motsatana, lachiwiri ndi la malangizo, ndipo lachitatu ndi kalozera wa mayina a matenda motsatira zilembo. Woika makhodi amayamba wafufuza dzina la matenda mu kalozera, kenako amatsimikizira khodiyo m'buku loyamba, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mawu ofotokoza zimene khodi ikuphatikiza ndi zimene ikupatula.

Makhodi a chithandizo

ICD-10 ya WHO imatchula matenda okha. Ilibe makhodi a opaleshoni kapena chithandizo china, choncho mayiko anadzipangira mindandanda yawo. Ku United States, zipatala zimagwiritsa ntchito ICD-10-PCS pa odwala ogonekedwa kuyambira pa 1 October 2015. Khodi iliyonse m'menemo ili ndi zilembo ndi manambala asanu ndi awiri, ndipo malo alionse ali ndi tanthauzo lake, monga gawo la thupi, mtundu wa ntchito imene yachitika ndi njira imene dokotala analowera. Madokotala a m'dziko lomwelo amalipiritsa ntchito yawo ndi makhodi a CPT, amene bungwe la American Medical Association linayamba kusindikiza mu 1966. Ku Britain kuli OPCS-4, ndipo ku Australia kuli ACHI. WHO yakhala ikukonza mndandanda wake wa chithandizo wotchedwa ICHI.

N'chifukwa chake opaleshoni imodzi imadziwika ndi makhodi osiyana. Kubereketsa mayi kudzera mu opaleshoni kumalembedwa 10D00Z1 mu ICD-10-PCS ngati chiberekero chang'ambidwa cham'munsi, 59514 mu CPT, ndipo mu OPCS-4 kumapezeka pa R17 ndi R18. Kumene kulibe mndandanda wa dziko lonse, chipatala kapena bungwe lolipira limakhala ndi ndandanda yake ya mitengo, ndipo dzina kapena nambala ya chithandizo pa ndandandayo ndi imene imagwira ntchito ya khodi.

Mmene khodi imasankhidwira

Woika makhodi sayeza wodwala ndipo saloledwa kulosera matenda. Amadalira zolembedwa: pepala logonekera wodwala, zolemba za dokotala poyendera wodi, zotsatira za ku labotale, lipoti la ku fiyeta, tchati cha mankhwala ndi chidule chotulutsira wodwala. Ngati zolembazi zikutsutsana kapena sizikuwerengeka, fayilo imabwezedwa kwa amene anathandiza wodwalayo kuti alongosole.

Chinthu choyamba kupeza ndi matenda aakulu a ulendo umenewo wa kuchipatala. Malinga ndi malangizo a ICD-10, amenewa ndi matenda amene atsimikizika pomaliza pa chithandizo kuti ndiwo anachititsa kuti wodwala afunike kuthandizidwa kapena kuyezedwa. Ngati alipo angapo, amasankhidwa amene anadya zipangizo ndi ntchito zambiri. Choncho chimene chinalembedwa tsiku logoneka wodwala sichikhala chomaliza. Munthu wogonekedwa poganiziridwa malungo akapezeka ndi chibayo, khodi yaikulu imakhala ya chibayo.

Pambuyo pake amalemba matenda ena amene analipo kapena anabuka m'wodi ndipo anakhudza chithandizo, monga kuchepa kwa magazi kumene kunachititsa kuti wodwala awonjezeredwe magazi. Matenda akale amene sanakhudze chithandizo salembedwa. Zizindikiro monga kutentha thupi sizipatsidwa khodi yakeyake ngati matenda oziyambitsa apezeka.

Pali malamulo ena apadera. Mayi woyembekezera akagonekedwa ndi malungo, khodi yaikulu imachokera mu mutu wa mimba, O98.6, ndipo khodi ya malungo imabwera yachiwiri. Munthu amene ali ndi chifuwa chachikulu chobwera chifukwa cha HIV amalembedwa B20.0. Mayi akachitidwa opaleshoni chifukwa mwana anakanika kutuluka, khodi yaikulu imatchula chifukwa chake, monga O64 pamene mwana anagona molakwika. O82, imene imangonena kuti mayi wabereka kudzera mu opaleshoni, imakhala yaikulu pokhapokha ngati chifukwacho sichinalembedwe.

Khodi ndi ndalama

Zipatala zimalipiritsa odwala ogonekedwa m'njira zazikulu zitatu. Yoyamba ndi kuwerengera chinthu chilichonse pachokha: masiku a pabedi, mankhwala, madiripi, kuyeza magazi, kujambula ndi fiyeta. Pa njira imeneyi khodi ya matenda siisintha mtengo, koma wolipira amaigwiritsa ntchito poona ngati chithandizo chikugwirizana ndi matendawo. Bilu yokhala ndi mtengo wa fiyeta pamene matenda olembedwa ndi malungo wamba imabwezedwa.

Njira yachiwiri ndi mtengo wa tsiku lililonse logona m'wodi. Yachitatu ndi mtengo umodzi wa ulendo wonse, wokhazikitsidwa pa gulu la matenda. Njira yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi DRG, imene inakonzedwa ku yunivesite ya Yale ndi Robert Fetter ndi John Thompson, ndipo inayamba kugwira ntchito mu ndondomeko ya Medicare ku United States mu 1983. Kompyuta imatenga khodi yaikulu, makhodi ena, opaleshoni, zaka za wodwala ndi mmene anatulukira, n'kumuika m'gulu limene lili ndi mtengo wake. Apa khodi imodzi yoiwalika ikhoza kuchepetsa ndalama za chipatala, ndipo khodi yokokomeza ikhoza kuzikweza mosayenera.

Ku South Africa, kumene kumagwira ntchito Amalawi ambiri, mabilu opita ku mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo anayamba kufunika makhodi a ICD-10 kuyambira mu 2005. Ku Zambia, lamulo la mu 2018 linakhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse yoyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA, limene limalipira zipatala potengera zikalata zopempha malipiro.

Mmene zilili ku Malawi

M'zipatala za boma ku Malawi chithandizo ndi chaulere, kupatula m'mawodi olipira a zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Choncho wodwala wa m'wodi wamba salandira bilu. Matenda ake amalembedwa mu kaundula wa wodi ndi m'kabuku kake ka kuchipatala. Makalaliki a ziwerengero amawerengetsa odwala mwezi uliwonse motsatira magulu a matenda a pa mafomu a Unduna wa Zaumoyo, amene ndi ochepa poyerekeza ndi makhodi onse a ICD-10. Ziwerengerozo zimalowetsedwa mu DHIS2, nkhokwe ya pa intaneti imene Malawi inayamba kugwiritsa ntchito m'dziko lonse cha m'ma 2012.

Mabilu amapezeka makamaka m'zipatala zoima pazokha ndi za mipingo. Zipatala za mipingo zili pansi pa bungwe la Christian Health Association of Malawi, mwachidule CHAM, ndipo zimalipiritsa odwala. Kuyambira mu 2006, boma linayamba kusayina mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti anthu okhala kutali ndi chipatala cha boma azilandira chithandizo china kwaulere, makamaka cha uchembere ndi ana obadwa kumene. Chipatala chimathandiza wodwala, kenako chimatumiza bilu ku boma motsatira mitengo imene anagwirizana pa chithandizo chilichonse. Ofesi ya zaumoyo ya m'boma imayerekeza biluyo ndi makaundula isanavomereze. Dongosolo limeneli limafanana ndi kulipira pa gulu la matenda, chifukwa kubereka bwinobwino kuli ndi mtengo wake ndipo kubereka kwa opaleshoni kuli ndi wake. Kuchedwa kwa malipiro ndi vuto limene lakhala likudandaulidwa pa mapanganowa.

Mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo, monga Medical Aid Society of Malawi, yodziwika kuti MASM, amalipira zipatala akalandira chikalata chotchula matenda ndi chithandizo chimene membala walandira. Anthu amene ali pa inshuwalansi yotere ndi ochepa, ndipo ambiri a iwo ndi olembedwa ntchito m'makampani ndi m'maofesi.

M'maesiteti a tiyi ku Thyolo

Boma la Thyolo lili kum'mwera chakum'mawa kwa Blantyre, ndipo pa kalembera wa mu 2018 linali ndi anthu opitirira 700,000. Limodzi ndi Mulanje, ndilo likulu la ulimi wa tiyi m'dziko muno. Muli maesiteti monga Satemwa, imene inayamba mu 1923, Makandi, Naming'omba, Conforzi ndi a kampani ya Eastern Produce. Ntchito yothyola tiyi imachuluka m'dzinja, kuyambira cha mu December mpaka April, pamene maesiteti amalemba anthu ambiri ogwira ntchito ya nyengo. Iyi ndi nyengo yomweyo imene malungo ndi matenda otsekula m'mimba amachuluka.

Maesiteti aakulu ali ndi zipatala zazing'ono zothandiza antchito ndi mabanja awo. Wodwala wofunika kugonekedwa kapena kuchitidwa opaleshoni amatumizidwa ku zipatala zazikulu. Zina mwa izo ndi chipatala cha boma cha Thyolo, chipatala cha Malamulo ku Makwasa, chimene ndi cha mpingo wa Seventh-day Adventist ndipo chili pa mishoni imene inayamba mu 1902, komanso Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku chipatala cha boma wodwala salipira. Ku chipatala cha mpingo pamatuluka bilu, ndipo funso limakhala lakuti ipite kwa ndani.

Yankho limadalira zolembedwa. Ngati chithandizo chili m'gulu la mapangano a boma ndi chipatalacho, bilu imapita ku boma. Ngati wodwala ali pa inshuwalansi, imapita ku bungwe lake. Ngati wavulala pa ntchito, lamulo la chipukutamisozi cha antchito la mu 2000 limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti alipire chithandizo ndi kupereka chipukutamisozi molingana ndi kukula kwa kulumala. Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi, wodwala kapena abale ake amalipira okha.

Apa ndi pamene mutu wa ICD-10 wonena za chimene chinachititsa kuvulala umakhala wofunika. Makhodi a S ndi T amanena chimene chavulala m'thupi. Makhodi a V, W, X ndi Y amanena mmene zinachitikira, ndipo pali manambala owonjezera osonyeza malo ndi chimene munthu ankachita. Nambala 7 ya malo imatanthauza munda kapena famu, 6 imatanthauza fakitale kapena malo omangapo, ndipo nambala 2 ya zochita imatanthauza kuti munthu anali pa ntchito yolipidwa.

Zitsanzo

Zitsanzo zotsatirazi ndi zongoyerekeza, zosonyeza mmene makhodi a ICD-10 angalembedwere.

Mayi wothyola tiyi walumidwa ndi njoka yaululu ali m'munda wa esiteti ndipo wagonekedwa masiku anayi. Khodi yaikulu ndi T63.0, ululu wa njoka. Yachiwiri ndi X20, kukumana ndi njoka yaululu, yokhala ndi nambala ya malo 7 ndi ya zochita 2. Mayi yemweyo akanalumidwa usiku pakhomo pake, T63.0 ndi X20 zikanakhala zomwezo, koma nambala ya malo ikanakhala 0, kutanthauza panyumba. Matenda ndi chithandizo n'zofanana, koma ulendo woyamba ndi ngozi ya pa ntchito pamene wachiwiri si ngozi ya pa ntchito.

Bambo wogwira ntchito mu fakitale ya tiyi wadulidwa chala chimodzi ndi makina. Khodi yaikulu ndi S68.1, kuduka kwa chala chimodzi chimene si chala chachikulu. Yachiwiri ndi W31, kuvulazidwa ndi makina, yokhala ndi nambala ya malo 6. Ntchito ya ku fiyeta yokonza bala imalembedwa padera ngati chithandizo. Fayilo ikangonena kuti bala la pa dzanja, umboni wa kukula kwa kulumala umafooka pa nthawi yowerengera chipukutamisozi.

Wopopera mankhwala ophera udzu wagonekedwa atadwala nawo. Khodi yaikulu ndi T60.3. Khodi ya chiyambi imasiyanitsa ngozi, X48, ndi kumwa dala mankhwalawo, X68. Woika makhodi sasankha yekha pakati pa ziwirizi. Amatsatira zimene dokotala walemba.

Zolakwika zofala

Cholakwika chofala kwambiri chimayambira m'wodi: chidule chotulutsira wodwala chosalembedwa, dzanja losawerengeka, kapena mawu achidule okhala ndi matanthauzo angapo. Pamene dokotala mmodzi akuyendera odwala ambiri, zolemba zimafupika, ndipo makhodi osalongosoka monga B54 ndi J18.9 amachuluka.

Zolakwika zina ndi kusiya matenda a tsiku logonekedwa ngati omaliza, kulemba chizindikiro m'malo mwa matenda, kuiwala matenda achiwiri amene anadya zipangizo, ndi kusalemba chimene chinachititsa kuvulala. Palinso kukweza khodi dala kuti bilu ikule, kapena kugawa chithandizo chimodzi m'zidutswa kuti chilipiridwe kangapo. Zimenezi ndi chinyengo, ndipo n'chifukwa chake olipira amafufuza mafayilo powayerekeza ndi mabilu.

Kulakwitsa kumapweteka mbali zonse. Chipatala chimene mabilu ake akubwezedwa chimachedwa kugula mankhwala. Wodwala amene ngozi yake sinalembedwe kuti inachitikira pa ntchito akhoza kulipira yekha bilu imene sinali yake. Boma likalandira ziwerengero zokhota, limagawa mankhwala ndi antchito mosagwirizana ndi matenda enieni a m'deralo.

Chinsinsi cha wodwala

Khodi imaoneka ngati nambala chabe, koma aliyense amene ali ndi mndandanda akhoza kuimasulira, ndipo ICD-10 imapezeka poyera pa intaneti. Bilu yokhala ndi khodi ya pakati pa B20 ndi B24 imaulula kuti munthu ali ndi HIV. Nkhaniyi ndi yaikulu ku Thyolo, boma limene linakhudzidwa kwambiri ndi mliriwu, kumene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito mu 1997 ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mu 2003. Pamene wolipira bilu ndi yemwenso analemba wodwalayo ntchito, pepala lopita ku ofesi ya malipiro likhoza kufikitsa chinsinsi cha wantchito kwa mabwana ake.

Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limateteza chinsinsi cha munthu pa nkhani ya HIV ndipo limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha kachilomboka. Mfundo imene imatsatidwa pa ntchito ya makhodi ndi yakuti wolipira alandire zokhazo zimene zikufunika kuti atsimikizire bilu, ndipo fayilo yonse ikhale m'manja mwa achipatala.

ICD-11

ICD-11 inapangidwa kuti izigwiritsidwa ntchito pa kompyuta. Munthu amalemba dzina la matenda ndipo pulogalamu imamuonetsa makhodi oyenera. Makhodi ake ndi osiyana ndi akale: malungo a falciparum, amene anali B50, tsopano ndi 1F40. Makhodi angapo akhoza kulumikizidwa kuti afotokoze matenda, mbali ya thupi ndi chiyambi cha kuvulala pa mzere umodzi. Kusamukira ku ICD-11 kumafuna makompyuta, magetsi odalirika ndi kuphunzitsa madokotala pamodzi ndi makalaliki. Lamulo loyamba la ntchitoyi silinasinthe mu ICD-11: chimene sichinalembedwe mu fayilo sichipatsidwa khodi, ndipo sichingaikidwe pa bilu.